Chimene Ndinapeza M'mimba mwa Makompyuta a ku Area 25

Ana anga, inu mumandidziwa ngati bambo wokhala pakhonde ndi mawailesi akufa a anthu a m'dera lino. Maso ayamba kuchita chidima, manja nawonso sagwira timawaya ting'onoting'ono monga kale, ndiye ndati ndilembe zina mwa zimene ndinakumana nazo pa ntchito ndisanayambe kuzisokoneza. Za ubwana wanga ku Thyolo munazimva kwa azakhali anu. Pano ndilemba za sukulu ya ntchito zamanja ya ku Area 25 kumene ndinaphunzitsa zamagetsi, ndi za chinthu chimodzi chimene chinachitika kumeneko, chomwe mayi anu okha ndiwo amachidziwa chonse.

Chaka choyamba mu Lilongwe

Ntchito yanga yoyamba inali m'shopu ina ku Limbe, kumene ndinakhala zaka zambiri ndikukonza mawailesi ndi wailesi zakanema. Mwini shopu atasamukira kunja, anangotseka zitseko, ife tonse n'kubalalika. Ndinakwera basi ya ku Lilongwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndili ndi chikwama cha zovala ndi kabokosi ka zipangizo. Inu ndi mayi anu ndinakusiyani kumudzi.

Amene anandilandira anali a Likoswe. Mudzi wawo ndi wathu unangolekanitsidwa ndi munda wa tiyi, ndipo ngakhale panalibe chibale cha magazi, ndinkawatchula kuti achimwene, akazi awo ndinkati alamu. Nyumba yawo ku Area 25 inali ya zipinda ziwiri. Anandiyalira mphasa pabalaza, ndipo ndinagona pamenepo miyezi isanu ndi itatu. Alamu sanandionetsepo nkhope yakuda ngakhale tsiku limodzi. Ndikabwera kosaka ntchito ku Kanengo, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze, ndinkapeza madzi osamba ali kale kubafa.

A Likoswe ankagwira ntchito yosunga katundu pa sukulu ina ya mpingo yophunzitsa ukalipentala, zomangamanga, kusoka ndi zamagetsi. Mphunzitsi wa zamagetsi atachoka, iwo ndiwo anakandilankhulira kwa mkulu wa sukulu, Bambo Mhango. Awa anali munthu wa ku Rumphi, mkulu wa mpingo, wamtali, wovala jekete ngakhale mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Tsiku limene ndinakaonekera, anayang'ana satifiketi yanga pang'ono chabe, kenako anatulutsa wailesi yakufa pansi pa tebulo.

"A Makwinja," anatero, "pepala lanu ndaliona, koma pepala siliimba. Wailesi iyi iimbe belu la masana lisanalire."

Inaimba, ndipo ndinayamba ntchito Lolemba lake.

Kuphunzitsa kunali kokoma koma zosowa zinali zambiri. Mita yoyezera magetsi inali imodzi kalasi yonse. Mtovu wowotcherera mawaya tinkaudula tizidutswa, aliyense kake. Ophunzira ankatola mawailesi otayidwa kumsika kuti tizizulamo tizipangizo. Magetsi akazima, ndiye kuti tsiku lonse tikhalira kujambula maseketi papepala. Seketi ndiyo njira imene magetsi amayenda kuchoka pa batire, kudutsa m'tizipangizo, n'kubwereranso. Munthu asanapange bolodi ya wailesi kapena ya chaja, amayamba wajambula njira imeneyo. Ife tinkajambula ndi pensulo ndi lula, ukalakwitsa pamodzi n'kufufuta mpaka pepala kubooka.

Chaka chachisanu, mwezi wa Epulo

Chaka chimenecho mpingo wina wa kunja unatumiza makompyuta khumi ogwiritsidwapo kale ntchito. Tsiku limene galimoto inafika, sukulu yonse inasiya ntchito, ngakhale amayi a kalasi yosoka anatuluka ndi nsalu m'manja. Bambo Mhango analamula kuti bokosi la kompyuta iliyonse likhomedwe ndi loko kumbuyo, ndipo anaika lamulo loti wina aliyense asadzatsegule, kaya mphunzitsi kaya ndani. Makiyi anawapereka kwa a Likoswe. Kompyuta imodzi inapita mu ofesi ya Bambo Mhango tsiku lomwelo. Zisanu ndi zinayi zinakhala m'sitolo kudikira kuti chipinda chiikidwe zitsulo m'mawindo ndi masoketi okwanira, ndipo ntchito imeneyo inatenga milungu ingapo.

M'katundu yemweyo munali chimbale ndi kalata ya mphunzitsi wina wa kunjako. Iye analemba kuti m'chimbalemo muli zonse zoyendetsera kompyuta, pamodzi ndi pulogalamu yojambulira maseketi. Anati pulogalamuyo ndi yaulere, inapangidwa ndi anthu ongodzipereka a m'mayiko osiyanasiyana, ndipo aliyense ndi wololedwa kuikopera, kuigawa, ngakhale kuisintha. Kalatayo ndinaiwerenga kawiri. Sindinkamvetsa kuti anthu angakhetse thukuta kupanga chinthu chotere n'kungochipereka kwa anthu osawadziwa. Bambo Mhango nawonso anakayika.

"Mulibe msampha m'menemu? Asadzatitengere kukhoti mawa."

Ndinawaonetsa pamene panalembedwa za chilolezo, ndipo anavomera. Sabata yomweyo analembera oyendera sukulu za ntchito zamanja kuti ife tayamba kuphunzitsa kujambula maseketi pa kompyuta, choncho atilole kulembetsa mayeso a giredi yapamwamba. Oyenderawo anayankha kuti adzabwera mu Ogasiti kudzaona ndi maso awo.

Ndinayamba kuyesa pa kompyuta ya mu ofesi. Ndinaika chimbale, ndinatsatira zimene zinkalembedwa pa sikirini, ndipo ola lisanathe zonse zinali zitalowa. Ndinajambula seketi ya tochi. Nditalakwitsa waya mmodzi, ndinangomukoka n'kumuika pena, popanda chofufutira. Ndinaseka ndekha ngati mwana. Ndinauza Bambo Mhango kuti zinazo ndi ntchito ya tsiku limodzi.

Meyi mpaka Juni

Chipinda chitatha kukonzedwa, makompyuta asanu ndi anayi aja anatulutsidwa m'sitolo. Onse anayaka, ngakhale ankayenda mwaulesi ndi zimene anabwera nazo. Ndinalola ophunzira kuti aziphunzirapo kugwira mausi kwa sabata imodzi. Kenako Loweruka lina m'mawa ndinatenga chimbale chija kuti ndilowetse pulogalamu.

Pa kompyuta yoyamba zinayamba bwino. Kamzere kosonyeza mmene ntchito ikuyendera kanayenda mpaka chapakati, n'kuima. Chimbale chinkangozungulira m'kati, mausi osasuntha. Ndinadikira ola lathunthu. Ndinazimitsa, n'kuyambiranso, ndipo kanaimanso pomwepo. Ndinapita pa yachiwiri, chimodzimodzi. Pofika madzulo ndinali nditayesa zonse, ndipo zonse zinaima malo amodzi ngati zapangana.

Lolemba ndinakafotokozera Bambo Mhango, a Likoswe ali pomwepo kusainitsa mapepala a katundu. A Likoswe ndiwo anati, "Koma bwana, ine ndinaona mayi uja wa zamagetsi akulowetsa kanthu kake m'makompyutawa. Pajatu amati tinthu timeneti timafalitsa mavayirasi."

Mayi amene ankanenedwawo anali Mayi Phiri a ku Mgona, mkazi yekhayo m'kalasi langa. Amuna awo anali atamwalira, n'kuwasiyira ana awiri. M'mawa ankabwera kusukulu, masana n'kukagulitsa matimati. Pa ophunzira onse amene ndinawaphunzitsa, palibe amene ankawotcherera waya mwaukhondo ngati iwo. Anali ndi fulashi, kachipangizo kosungira zinthu za pa kompyuta, imene mchimwene wawo anawapatsa, momwe ankasungamo zithunzi za maseketi zotenga ku kafe ya intaneti, ndipo zinali zoona kuti anailowetsapo m'makompyuta angapo kuti aonetse anzawo.

Bambo Mhango anawaitanitsa. Atalowa, anandifunsa ine pamaso pawo.

"A Makwinja, inu ndinu katswiri. Kodi vayirasi ingachititse zimenezi?"

Ana anga, apa ndi pamene ndinalakwa. Mumtima ndinkadziwa kuti n'zokayikitsa kwambiri, chifukwa kompyuta ikamadzuka kuchokera pa chimbale siiwerenga n'komwe zimene zinali m'katimo kale. Koma ndinali nditalonjeza kuti ndi ntchito ya tsiku limodzi, ndipo ndinkachita manyazi kunena kuti sindikudziwa chimene chavuta. Ndinayankha kuti, "Zingatheke, bwana."

Mawu awiri amenewo anakwanira. Bambo Mhango analemba kalata yowaimitsa sukulu chifukwa choononga katundu, ine n'kusaina pansi pake ngati mphunzitsi wa kalasi. Mayi Phiri sanalire. Anapinda kalatayo bwinobwino, n'kuiika m'chikwama, ndipo ali pakhomo anatembenuka n'kundiyang'ana.

"Aphunzitsi, inuyo mukudziwa kuti si ine."

Atatero anatuluka.

Milungu yotsatira ndinalimbana ndi makompyuta aja ngati munthu wolodzedwa. Ndinapukuta chimbale ndi kansalu kofewa, osathandiza. Ndinaganiza kuti mwina chakalika, ndiye ndinkakwera minibasi pa msewu wa M1 kupita m'tauni, ku kafe ya intaneti ya bambo wina wodekha mtima, kuti tikoke pulogalamu yatsopano. Intaneti ya nthawi imeneyo inkayenda ngati nkhono. Tsiku loyamba magetsi anazima titatsala pang'ono kumaliza, zonse n'kutayika. Tinayambiranso, ndipo chimbale chatsopano ndinachipeza pa tsiku lachitatu. Nditafika nacho kusukulu, kamzere kaja kanaima pamalo pomwe paja.

Ndinafufuta zonse zimene zinali m'kompyuta imodzi, kuisiya yoyera ngati mbale yotsuka. Ngati munali vayirasi, inayenera kupita pamenepo. Kamzere kanaimabe. Tsiku limenelo ndinadziwa ndithu kuti Mayi Phiri tawalakwira, koma sindinauze munthu. Ndinkadziuza kuti ndiyambe ndapeza chovuta chenicheni, kuti ndikapita kwa Bambo Mhango ndikakhale ndi yankho m'manja. Ndinayeza magetsi a m'masoketi ndi mita, anali bwino. Ndinanyamula kompyuta imodzi kukailumikiza pa soketi ya mu ofesi, inakanabe, pamene inzake ya patebulo pomwepo inkagwira ntchito bwinobwino. Makompyuta ofanana, ochokera kumodzi, okhala ndi timapepala tofanana tomatidwa pambali tonena zimene zili m'kati. Mutu wanga unaima.

Mwini kafe uja ndiye anandiuza kuti pa intaneti pali bwalo pamene ogwiritsa ntchito pulogalamuyo amafunsana mafunso. Anandithandiza kulemba vuto langa m'Chingerezi changa cha m'mabuku a wailesi. Sindinkayembekezera kuti wina angayankhe mphunzitsi wosadziwika wa ku Area 25. Patapita masiku awiri ndinapeza yankho la munthu wa dziko lina lakutali, amene dzina lake lenileni sindinalidziwe mpaka lero. Anandifunsa kuti makompyutawo ali ndi ramu yochuluka bwanji. Ramu ndi timatabwa tating'ono tokhala m'kati mwa kompyuta, timene imagwirira zinthu pamene ikuganiza. Tikachepa, ntchito yolemera imaikanika. Ndinakopera zimene zinalembedwa pa kapepala ka pambali n'kumutumizira. Anayankha kuti ngati kapepalako kakunena zoona, pulogalamu iyenera kulowa popanda vuto, choncho ndisakhulupirire kapepala koma ndifunse kompyuta yeniyeniyo. Anandiuza batani loti ndidine ikamangoyaka kumene.

Lachinayi lina mu Julayi

Kunali kozizira, mphepo ikuwomba fumbi kuchokera ku Kanengo. Ophunzira atapita kukadya masana, ndinayatsa kompyuta yoyamba n'kudina batani lija. Panatuluka tsamba la buluu lolembedwa manambala. Ramu inali theka la zimene kapepala kankanena. Ndinaganiza kuti ndawerenga molakwa. Ndinavula magalasi, kuwapukuta, kuyang'ananso. Theka. Yachiwiri theka, yachitatu theka, mpaka yomaliza. Bambo Mhango anali atapita ku msonkhano wa mpingo, ndiye ndinapempha mlembi wawo kuti anditsegulire ofesi. Ya mu ofesi inali yokwanira.

Ndinapita ku sitolo kukapempha makiyi. A Likoswe anali akuwerenga misomali ya akalipentala. Nditanena kuti ndikufuna kutsegula bokosi limodzi, sanadzutse mutu.

"Lamulo mukulidziwa, achimwene. Dikirani abwana abwere."

"Ndingoyang'ana m'kati basi, sindikhudza kanthu."

"Makiyiwo sindikukumbuka pamene ndinaika."

A Likoswe anali munthu wodziwa pamene pali singano iliyonse m'sitolo imeneyo. Komabe maganizo anga sanafike kumene anayenera kufika. Ndinabwereka sowo yodulira zitsulo kwa anzathu a zomangamanga, n'kukadula loko wa kompyuta imodzi. M'kati munali fumbi lakale la kumene inachokera, lokuta chilichonse ngati bulangete. Malo oika ramu anali awiri. Pamodzi panali kathabwa kake. Penapo panali pululu, poyera mbee, popanda fumbi ngakhale pang'ono, ndipo pambali pake zala za munthu zinali zitadinda pa fumbi. Loko ndinali nditamudula ndekha, anali asanathyoledwepo. Amene anachotsa kathabwako anatsegula ndi kiyi.

Ndinakhala pansi pa simenti, sowo ili m'manja. Kunja amayi osoka ankaseka nkhani zawo, ine makutu ali ngati mwalowa madzi. Sindikudziwa kuti ndinakhala nthawi yaitali bwanji. Chimene ndimakumbukira n'chakuti ndinkangonena chamumtima kuti ayi, si iwowo, si achimwene.

Ophunzira ataweruka ndinabwerera ku sitolo n'kutseka chitseko. Sindinafunse funso lililonse. Ndinangoika loko wodulidwa uja patebulo. A Likoswe anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anakhala pa thumba la simenti n'kugwira mutu.

"Alamu anu akudwala kuposa mmene tinakuuzirani," anatero. "Ndi khansa. Madokotala akuti azipita ku Blantyre mwezi ndi mwezi. Ine ndikanatani? Munthu wina wa kumsika wa m'tauni anandiuza kuti kompyuta imayaka ngakhale ndi kathabwa kamodzi. Ndinayesa, inayakadi. Ndinati palibe amene adzadziwe, palibenso amene adzavutike."

"Tili kuti timatabwato?"

"Tinapita kalekale."

"Nanga Mayi Phiri? Achimwene, mayi wamasiye uja munamunamizira inu, ine n'kusaina!"

"Ndinachita mantha. Mawu anangotuluka. Kuyambira tsiku limenelo sindigona."

Kenako anagwada. Munthu wamkulu kuposa ine, amene anandidyetsa ndili wopanda kanthu, anagwada pa simenti n'kugwira mwendo wa thalauza langa.

"Munagona m'nyumba mwanga miyezi isanu ndi itatu, sindinakufunseni kanthu. Lero ndikupempha chimodzi chokha. Mukanene kuti makompyuta anabwera choncho kuchokera kunja. Mayi uja abwerera kusukulu, ine ntchito yanga itsala. Akandichotsa, alamu anu afera m'nyumba."

Ndinatsegula chitseko n'kutuluka. Pa nthawiyo inu ndi mayi anu munali mutabwera kale ku Lilongwe, tikukhala ku Area 49. Ndinayenda wapansi mpaka kunyumba ngakhale minibasi zinalipo. Nditawafotokozera mayi anu kuseri kwa nyumba, anaika manja pakamwa. Pambuyo pake anati, "Bambo a Chikondi, ine sindingakusankhireni. Koma alamu aja anatisungira inu." Ndisakunamizeni, ana anga: pamene ndinkapita kuntchito m'mawa mwake, ndinali nditasankha kunena bodza lija. Linkaoneka lopulumutsa aliyense.

Lachisanu lake

Ndinanyamula kompyuta yotsegulidwa ija kupita nayo mu ofesi. Ndinayamba ndi kupepesa chifukwa chodula loko, kenako ndinafotokoza za ramu, ndipo ndinati mwina anthu a kunja anatumiza makompyuta osakwanira. Bambo Mhango sankadziwa zambiri za makompyuta, koma maso awo anali akuthwa. Anavala magalasi, n'kusuzumira m'bokosi.

"A Makwinja, ngati kathabwako kanachotsedwa kutsidya kwa nyanja, bwanji pamalo pake palibe fumbi? Zala izi n'zadzana. Ichi chachotsedwa pano."



"Ndipo wochotsayo ndi wodziwa zamagetsi," anapitiriza. "Mayi uja. Anali ndi sabata yathunthu m'chipinda chija, ndipo maloko ang'onoang'ono awa munthu waluso amatsegula ndi waya. Ndinamuchitira chifundo pongomuimitsa. Lero ndiitana apolisi akamutenge ku Mgona."

Anatambasula dzanja kugwira foni ya patebulo. Ndinaona m'maganizo mwanga galimoto ya apolisi ikuima pa benchi ya matimati, ana awiri aja akuonerera. Mawu anatuluka ndisanawakonze.

"Bwana, ikani foniyo. Si Mayi Phiri. Sanalakwe chilichonse, ngakhale za vayirasi zija zinali zabodza, ndipo ine ndinkadziwa. Timatabwato anachotsa ndi a Likoswe. Anandiuza okha dzulo."

Bambo Mhango anaika foni pang'onopang'ono. Nkhope yawo inasintha ngati munthu amene wauzidwa za maliro. A Likoswe anali atagwira nawo ntchito zaka zoposa khumi, ndipo Bambo Mhango ankawasiyira ngakhale makiyi a nyumba yawo akamapita ku Rumphi. Ndinawafotokozera za matenda a alamu, n'kuwapempha kuti nkhaniyi isafike kupolisi. Anandiyang'ana.

"Inu munalowa muno kudzandinamiza."

"Inde, bwana."

"Tulukani. Mundiitanire a Likoswe."

Zimene anakambirana sindinazimve. Apolisi sanaitanidwe, koma pofika masana a Likoswe anali atapereka makiyi onse. Anadutsa pafupi ndi ine pabwalo atanyamula kapu yawo ya tiyi ndi juzi, osandiyang'ana.

Ndinkadikira kuti kalata yanga nayonso ituluka. M'malo mwake Bambo Mhango anatuluka mu ofesi atavala chipewa, n'kunena kuti, "Tiyeni ku Mgona. Mukudziwa pamene amagulitsira."

Tinakwera minibasi, kenako tinayenda m'tinjira tothinana, madzi otsukira mbale akuyenda pakati. Mayi Phiri titawapeza pa benchi yawo anaimirira mwamantha, poganiza kuti tabwera ndi zina. Chimene ndinaona pamenepo sindinachiyembekezere. Bambo Mhango, munthu amene sindinamumvepo akunena kuti pepani kwa wina aliyense, anavula chipewa pamaso pa amayi onse ogulitsa.

"Mayi, ndinakuweruzani popanda umboni. Wolakwa wapezeka, ndipo si inu. Ndabwera ndekha kudzapepesa. Malo anu kusukulu alipo."

Mayi Phiri sanawayankhe iwo, anatembenukira kwa ine.

"Nanga inu, aphunzitsi?"

Ndinati, "Ine ndiye ndinalakwa kwambiri, mayi. Abwana sankadziwa, koma ine ndinkadziwa. Ndikhululukireni."

Anapukuta manja pa chitenje. "Ndibwera," anatero, "koma munandichotsa anzanga akuona. Kalata ija mukaing'ambe anzanga akuonanso."

Lolemba Bambo Mhango anaing'amba kutsogolo kwa kalasi.

Ogasiti

Ramu yatsopano sukulu sikanatha kuipeza oyendera asanabwere. Nzeru inachokera kwa Mayi Phiri omwewo. Anati ngati kompyuta iliyonse yatsala ndi kathabwa kamodzi, bwanji osazula kwa ina n'kuphatikiza awiriawiri? Tinatero. Pa zisanu ndi zinayi tinapeza zinayi zokwanira, ndipo Bambo Mhango anatulutsa yawo ya mu ofesi kuti zikhale zisanu. Nditaika chimbale, kalasi yonse inazungulira sikirini. Kamzere kanafika pakati, mtima wanga n'kuima nako, kenako kanadumpha n'kupitirira mpaka kumapeto. Ophunzira anawomba m'manja, ena kuliza mluzu. Ine ndinangokhala pampando, chimwemwe osachipeza.

Oyendera atabwera, Mayi Phiri anawajambulira seketi ya chaja yotchajira foni pa batire ya galimoto, n'kuwaonetsanso bolodi yeniyeni imene anapanga kuchokera pa chojambulacho. Sukulu inaloledwa kulembetsa mayeso aja. Mayi Phiri anakhoza, ndipo lero ali ndi shopu yawoyawo ku Area 25, kumene akuphunzitsanso ena. Tikakumana amandipatsa moni mwaulemu, koma nkhani ija sitinaikambenso.

Chaka chotsatira, nthawi ya mvula

A Likoswe anasamukira kumudzi mwezi womwe anachotsedwa. Ine ndi mayi anu tinapita kukathandiza kumanga katundu, koma anatibweza pakhomo. Zimene tinkatumiza kudzera mwa anthu opita ku Thyolo zinkabwerera momwemo. Alamu anamwalira mu Febuluwale. Uthenga sanatitumizire, tinamva kwa azakhali anu.

Ndinapita ndekha. Mvula inkagwa masiku onse awiri, minda ya tiyi ili m'nkhungu. Ndinakhala ndi abambo pansi pa tenti, ndinathandiza kunyamula bokosi pokwera chitunda cha kumanda, chifukwa mayi amene uja anandichitira zimene ngakhale mlongo wanga sakanachita. A Likoswe sanandipatse moni, sanandiyang'ane, ndipo anthu a m'mudzi anali atamva kuti ndine ndinawaulula. Ena ankanong'onezana ndikamadutsa. Funso loti alamu akanakhalabe ndi moyo ndikanakhala chete ndinadzifunsa pamenepo, ndipo ndimadzifunsabe. Madokotala okha mwina ndiwo angayankhe.

M'mawa wa tsiku lachitatu ndinatsanzika kwa akuluakulu n'kuyamba ulendo wopita kumsewu. Nditayenda pang'ono ndinamva mapazi kumbuyo. Anali a Likoswe, mutu wometa, atavala jombo, akundiperekeza monga timachitira ndi mlendo. Tinayenda mtunda wonse wa m'munda wa tiyi osalankhulana, matope akumata nsapato. Titafika pa siteji tinaima moyandikana, aliyense akuyang'ana kumene minibasi ichokere. Itaonekera patali, anatsokomola.

"Pulogalamu ija inalowa?"

"Inalowa, achimwene."

"M'makompyuta onse?"

"Asanu okha."

Anagwedeza mutu. "Nanga mayi uja?"

"Anakhoza mayeso."

"Chabwino," anatero. "Mukawapatse moni ana."

Minibasi inaima, kondakitala n'kutenga chikwama changa. Nditakhala pansi ndinayang'ana pawindo, ndinawaona akubwerera m'kanjira ka m'tiyi, manja ali kumbuyo. Anakhala ndi moyo zaka zina zisanu ndi chimodzi, koma awo ndiwo anali mawu omaliza amene tinalankhulana.